Masamba a pa Njira ya Che Amidu

Mphatso mwana wanga,

Anthu amalemba mbiri ya ntchito yawo atamera imvi, anzawo atawachitira phwando ndi kuwaombera m'manja. Ine ndapuma ntchito ndisanakwanitse zaka makumi atatu, ndipo palibe amene anandiombera m'manja. Ndikulemba chifukwa sabata yatha unabwera kuchokera ku sukulu ya mkaka ukulira, ati anzako akukuseka kuti abambo ako ali ndi njinga koma sadziwa kukwera. Panopa sungathe kuwerenga. Ukadzakula udzawerenge, koma usadzandimvere chisoni, zimanditopetsa. Za ubwana wanga ku Malindi sindilemba, palibe chimene chinachitika. Ndinasiya sukulu ndili Fomu 2, basi.

Chaka chimene ndinasiya sukulu

Ntchito yanga yoyamba inali ya kabaza pa Mangochi, panjinga ya eni. Ndinkaima pafupi ndi mlatho kuyambira m'mawa, kunyamula amayi a usipa, ana a sukulu, zidakwa, ngakhale mbuzi. Sindinkacheza ndi munthu. Anzanga pasiteji anasiya dzina langa la Sitefano n'kumanditcha Wolusa, ine ndinalibe nazo kanthu.

Tsiku lina panabwera bambo wamfupi, woonda, wovala kofiya yoyera, atanyamula katoni ya zitsulo za njinga. Ankafuna kupita kumtunda, njira ya ku Namwera, ndipo minibasi zinali zitasowa mafuta. Anyamata onse anakana, ati chikweza chimenecho n'chopha munthu. Ine ndinati kwerani. Sindinatsike njinga mpaka pamene anandigwira phewa n'kunena kuti tiime, iye watopa ndi kundimvera chisoni.

"Iwe, umapalasa ngati njingayi inakutukwanira amako," anatero akuseka.

"Sinanditukwane. Ndipatseni zanga ndizipita."

"Wakwiyira ndani?"

"Aliyense."

"Chambone," anatero m'Chiyao, kutanthauza kuti zili bwino. "Kumapiri kumafunika anthu okwiya. Oseka amathera mpweya m'kamwa. Mawa ubwere."

Amenewo anali Che Amidu. Ankagwira ntchito pa kampani ina yoyendetsa alendo panjinga m'nkhalango ndi m'mapiri a pakati pa Namwera ndi nyanja. Dzina la kampaniyo sinditchula, silikuyenera kukhala m'nyumba mwathu.

Zaka za m'nkhalango

Poyamba ndinkaona ngati misala. Anthu ali ndi magalimoto kwawo, ena achokera kunja pandege, ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre, abwera kudzafuna njira yopanda galimoto, ya miyala ndi fumbi, kuti avutike dala. Njinga zawo zinali zopepuka ngati dengu lopanda kanthu, matayala onenepa, magiya ambirimbiri. Ife awiri ntchito yathu inali kuwatsogolera, kuwamatira machubu, kuwanyamulira madzi, ndi kuwakankha pachikweza kamera ikayang'ana kwina.

Koma ndinene zoona, njira zimenezo ndinazikonda. Mumalowa m'nkhalango m'mawa mame asanaume, phokoso n'la tayala lokha likutafuna nsangalabwi. Anyani amakuyang'anani pamiyala osasuntha. Mumakwera mpaka miyendo kunjenjemera, kenako mitengo imatha mwadzidzidzi, n'kuona nyanja ziwiri nthawi imodzi, yaikulu kudzanja lamanja, Malombe kumanzere, Shire ikuzilumikiza ngati ulusi. Alendo ankakuwa n'kutulutsa mafoni. Ine ndinkangoyang'ana, chifukwa pamalo pamenepo pokha mkwiyo unkandichoka.

Njirazo si kampani inazipeza. Che Amidu anabadwira ku Mozambique, ndipo anadutsa m'mapiri amenewo ali wamng'ono pothawa nkhondo, mayi awo atasenza mphika ndi mphasa. Atakula anadzaziyendanso panjinga, kupita ndi shuga, kubwera ndi nyemba. Ankati akatseka maso amadziwa pamene tili pongomva m'mene chishalo chikuwamenyera. Sanali mngelo. Anali waliuma, ankandinamiza kuti chikweza chatsala pang'ono pamene chisanayambe n'komwe, ndipo ankanditcha "mwanache", ndiye kuti kamwana, ngakhale ndevu zitandimera. Malamulo awo anali ochepa. Uyambe ndiwe kupereka moni. Ukaona mayi atasenza ndowa, liza belu uli kutali, usamudzidzimutse. Ndipo ukapeza masamba aikidwa panjira, tsika.

Zimenezi ukuzidziwa kale, Mphatso, unaona pamaliro a agogo ako. Pakagwa zovuta, anthu amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala panjira, mbali ino ndi mbali inayo. Galimoto imachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kukankha mpaka atadutsa masamba enawo. Palibe amene amakuuza. Che Amidu ankatsitsa ngakhale alendo, kuwafotokozera ndi manja poti Chingerezi chawo chinali cha "gudu, gudu" basi. Ndinawafunsa tsiku lina kuti nanga wakufayo akuona? Anati, "Wakufa saona. Akuona ndi wamasiye."

Bwana wathu anali a Nkhoma, ochokera ku Blantyre. Mwini kampani ndinangomuona kawiri. A Nkhoma sanali munthu wankhanza, anali munthu wamantha, ndipo wamantha akakhala bwana n'chimodzimodzi. Ankaopa mwini kampani, ankaopa alendo, ankaopa zimene alendo akalembe pa intaneti. Ife sankatiopa. Alendo ankakwera njinga zatsopano, ife ankatipatsa zimene zatha. Machubu ankasowa miyezi. Tayala likang'ambika tinkasoka ndi ulusi wa ukonde umene ndinkatenga kwa asodzi ku Malindi. Mabuleki a njinga yanga tinkadula kuchokera ku patapata wakale. Tikapempha ankati, "Katundu ali m'njira." Katunduyo mpaka lero ali m'njira.

Panali malo amodzi pamene a Nkhoma ndi Che Amidu ankakanganirana. Potsika phiri lomaliza, njira inkasiya mzere wowongoka n'kukhota kudutsa m'kamudzi kena, pakhomo penipeni pa nyumba ya udzu. Pamenepo panali pa Che Amidu. Akazi awo, Abiti Juma, ankayala tebulo pansi pa mango, kugulitsa nthochi, zitumbuwa ndi thobwa kwa alendo otopa.

"A Amidu, kodi njirayi ikukhoteranji pamenepa?" ankafunsa a Nkhoma, chala chili pamapu a pafoni.

"Kumtundako kuli njoka, bwana."

"Chaka chatha munati kuli njuchi."

"Zinasamuka. Kwalowa njoka."

A Nkhoma ankangopukusa mutu. Alendo ankakonda zitumbuwazo, ndiye nkhani inkathera pomwepo. Ine pakhomo pamenepo ndinkadya osalipira. Abiti Juma ankandipatsa nthochi yakupsa kwambiri n'kunena kuti, "Idyani a Wolusa, mwina mungaseke." Nditafuna kukwatira amayi ako, malume anga anazengereza, ndipo amene anavala jekete n'kupita kukandilankhulira anali Che Amidu, Msilamu kukaimira mwana wa Chianglikani. Uzikumbukira zimenezo.

Chaka chimene amayi ako anali ndi pakati

Chaka chimenecho kampani inakonza mpikisano. Sunalinso ulendo woima n'kujambula, koma liwiro, kuchokera kumtunda kufupi ndi Namwera mpaka kugombe, wopambana alandire mphoto. Ine ndi Che Amidu tinatha mwezi tikulambula njira, kuchotsa zitsa, kupaka utoto pamiyala. M'mwezi umenewo ndinaona kuti akuyamba kutsika pa zikweza zimene kale ankakwera akuimba. Ankati akuyang'ana tayala. Kenako anayamba kutsokomola mosalekeza, thupi n'kutha ngati sopo. Mvula isanagwe anali chigonere.

A Nkhoma anandiitana mu ofesi. Anati tsopano wotsegula njira ndikhala ine. Wotsegula njira amanyamuka ena onse asananyamuke, kuthamangitsa mbuzi, kuchenjeza ana, kuona ngati mtengo sunagwe. Anati mpikisano ukayenda bwino andilemba ntchito yokhazikika, ndisiye kukhala waganyu. Amayi ako atamva anagwira mimba n'kulira. Tinali m'kachipinda kodontha, ndipo aka kanali koyamba kuti chinthu chabwino chitiyandikire.

Kutatsala masiku ochepa ndinapita kukawaona Che Amidu. Ndinawapeza pamphasa pakhonde, atafunda chitenje dzuwa likuswa mtengo.

"Mwanache, ati ndiwe bwana tsopano?"

"Bwana wa mbuzi."

"Mabuleki ako ndi a patapata omwe aja?"

"Omwe aja."

"Potsika pano uyambire kumtunda kugwira. Pakhonapo nsangalabwi n'zoterera." Anatsokomola nthawi yaitali. "Undiuzire a Nkhoma kuti njoka zikadalipo."

Ndinaseka. Abiti Juma anatuluka m'nyumba akuomba m'manja, ati lero a Wolusa aonetsa mano.

Tsiku la mpikisano

Tinagona kumtunda komweko, kopanda netiweki. M'mawa a Nkhoma anandigwira phewa, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunena kuti ndiyende bwino. Sanandiyang'ane kumaso. Iwo anakwera galimoto kuzungulira pamsewu wa tala kukadikira kugombe. Ine ndinalowa m'nkhalango.

Zonse zinayenda bwino mpaka phiri lomaliza. Dzuwa linali pamutu. Ndinayamba kutsika, ndikuganiza zoti ndiima pang'ono ndiwauze Che Amidu kuti akonzeke, njinga zikubwera. Nditangotsala pang'ono kufika pakhona paja ndinaona masamba a mango atayalidwa panjira, akadali aawisi.

Ndinatsika. Sindinaganize, miyendo inatsika yokha. Ndinakankha njinga kukhota pakhonapo, ndikudziuza kuti m'mudzi muli nyumba zambiri. Koma anthu anali pakhomo limodzi. Bwalo linali laling'ono, ndiye amuna anakhala panjira penipenipo, ena pamiyala, ena pansi, makofiya ali mbuu. Tebulo la zitumbuwa linali litatembenuzidwa pansi pa mango. Pakhonde pamene ndinawasiya atagona panali jeneza, chonyamulira maliro, chitafundidwa nsalu yobiriwira. M'nyumba amayi ankalira motsitsa.

Mkulu wina wa pamzikiti anandizindikira. "Pepani mwanathu. Atisiya kusanache. Tikungodikira swala, pemphero la masana, tinyamuke." Asilamu sagoneka maliro, ukudziwa. Anaonjeza kuti, "Uthenga tinatuma mnyamata m'mamawa kukapereka kwa bwana wanu."

Pamudzipo netiweki imagwira ukaima pachulu. Ndinakwera pachulupo n'kuimbira foni a Nkhoma.

"Bwana, Che Amidu amwalira."

A Nkhoma anati, "Ndamva, Sitefano. Ndimati ndikuuze tikamaliza."

"Anthu akhala panjira. Pali masamba."

"Tamvera. Otsogola ali pafupi. Chotsa masambawo, uwapemphe anthuwo asunthe pang'ono. N'kanthawi kochepa, adutsa ngati mphepo. Mawa tipita tonse kukapepesa, ndigula shuga."

"Munadziwa m'mawa. Bwenzi mutawauza kuti pano atsike."

"Uwu ndi mpikisano, iwe! Munthu wachokera kutali, ndimuuze kuti atsike azikankha? Mwini kampani ali pompano, akundiyang'ana. Sitefano, uli ndi mkazi woyembekezera. Chotsa masamba."

Ndinadula foni.

Usaganize kuti sindinaganize za iwe. Ndinaima pachulupo ndikuona denga lodontha lija, ndikuona amayi ako. Ndinayenda mpaka pamasambawo, ndinawerama, ndinagwira nthambi imodzi. Inali yopepuka, yoti mwana angachotse. Ndinayang'ana kumbuyo n'kuona nkhalamba zija zitakhala m'fumbi. Ndinayesa kupanga mawu oti ndikawauze: "Tasunthani, alendo adutse." Mawuwo anakana kutuluka. Kwa zaka zonse zija munthu uja anatsika pamaliro a anthu osawadziwa, mvula ikugwa, alendo akung'ung'udza. Ndiye pa ake ine ndichotse masamba?

Ndinasiya nthambiyo pomwepo. Ndinapingasa njinga yanga panjira, n'kuima kumbuyo kwake, manja m'mwamba.

Ndinamva matayala asanaoneke. Wotsogola anali mnyamata wamtali, mutu atauweramitsa pahandulo. Ndinakuwa, "Maliro! Tsikani!" Anadzutsa mutu mochedwa. Anagwira mabuleki, ndinaona ndithu zala zake zikufinya, koma nsangalabwi za pakhona paja n'zoterera, monga ananenera Che Amidu. Njinga yake inabwera cham'mbali, inamenya yanga, zonse ziwiri n'kundigwera pabondo lakumanja. Ndinamva phokoso ngati munthu wathyola nzimbe.

Mnyamata uja sindimusungira mlandu. Palibe amene anamuuza. Ananyuka nkhope ndi mkono, njinga yake yodula ija inathyoka pakati, koma anakwawa kubwera pamene ndinagona akunena mawu ambiri amene sindinawamve. Obwera m'mbuyo anaona anthu ali pansi n'kuima. Mkulu wa pamzikiti uja anawalozera masamba, anawalozera jeneza. Mmodzi, mayi wachikulire wa ku Lilongwe, anavula chipewa chake cholimba chija n'kuyamba kukankha njinga. Enawo anatsatira. Ndinawaona ndili chigonere, akudutsa pakhomo pa Che Amidu mmodzimmodzi, wapansi, nsapato zawo zikulira pamiyala. Mmodzi anatulutsa foni kuti ajambule, mnzake anam'menya padzanja.

Anandinyamula n'kundigoneka pansi pa mango, pambali pa tebulo lija. Maliro sakanadikira. Anaswali, ananyamula jeneza. Kumeneko mwamuna aliyense amaikapo phewa pang'ono n'kupatsa mnzake, mpaka kumanda. Ine amene anandiimira paukwati sindinaikepo phewa. Jeneza inadutsa pafupi nane moti ndinamva fungo la mafuta onunkhira a pasanda, nsalu yokulungira mtembo. Ndinayesa kudzuka, ndinakomoka.

Atabwerako kumanda anandikweza pakaliyala ya njinga yakale ya Che Amidu, ya shuga ndi nyemba ija, amuna awiri akukankha, wina atandigwira mwendo, mpaka kumsewu kumene galimoto imafika.

Chaka chimene unabadwa

Unabadwa ine ndili m'chikhakha. Atachichotsa, bondo linakana kupindika. Adokotala anayesetsa, anati fupa linaphwanyika malo oipa. Pedulo imafuna bondo lopindika, ndiye nkhani ya kupalasa inathera pamenepo.

A Nkhoma anabwera kuchipatala kamodzi, atanyamula botolo la sobo. Anakhala m'mphepete mwa bedi akupotokola makiyi a galimoto. Anati mpikisano unasokonekera, mwini kampani wakwiya, ndipo poti ndinakana lamulo n'kudzipingasa ndekha panjira, palibe chimene angachite. "Bwenzi utangondimvera, Sitefano." Ndinawauza kuti atenge sobo wawoyo. Anamusiya. Amayi ako anamwa, anali akuyamwitsa.

Amayi ako sanandinenepo mawu oipa pa nkhani imeneyi. Bola akanandinena. Anangoyamba kupita kugombe m'mamawa kukapikula usipa, iwe uli kumbuyo.

Nditayamba kuyenda ndi ndodo ndinapita kukaona Abiti Juma. Njira inali itamera udzu pakati. Kampani inasintha mapu, alendo tsopano amadutsa kumtunda, kwa njoka kuja, ati m'mudzi muli chisokonezo. Tebulo lija linali kuseri kwa nyumba, ataikapo mbale. Anandiyalira mphasa, anandipatsa nthochi ya m'munda mwawo.

"Mwendowo ukupweteka?" anafunsa.

"Kukazizira."

"A Wolusa," anatero akuyang'ana kunjira, "ndikuuzeni kapena ndisakuuzeni?"

"Nenani, amayi."

"Dzulo lake la mpikisano amuna anga anandiuza kuti ndiwatulutse pakhonde m'mamawa. Ankafuna kumva matayala akudutsa. Ankati mwana wanga akhala patsogolo." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Mwina mukanangowasiya adutse. Sindikudziwa. Amuna aja amakutamani mpaka lero kumzikiti. Koma ine pano sipadutsanso munthu."

Mpaka lero ndilibe yankho. Masiku ena ndimati ndinachita bwino. Masiku ena ndimaona amayi ako akuchokera kugombe mapazi atatupa, ndimakumbukira tebulo lili kuseri kwa nyumba, n'kumadzifunsa kuti ulemu umenewo unadyetsa ndani. Koma ndikadzibwezera pakhona paja, nthambi ili m'manja, dzanja limakanabe kuichotsa. Udzaweruze wekha, ine ndatopa nazo.

Ponyamuka, Abiti Juma analowa m'nyumba n'kutulutsa njinga ija ya Che Amidu. Ndinati ndichita nayo chiyani, poti sindingakwere. Anati, "Ndodo imeneyo ikukukalambitsani. Tsamirani iyi."

Lero

Ndiyo njinga imene anzako amaiona. Ndimakonza njinga za akabaza pansi pa mtengo pafupi ndi msika, zitsulo ndimamanga pakaliyala, ndipo m'mawa uliwonse ndimaikankha kuchokera kunyumba, dzanja lina pahandulo, lina pachishalo. Imandichirikiza kuposa ndodo. Nthawi zina gulu la alendo limadutsa pamsewu kulowera kumapiri, otsogolera ali anyamata atsopano osandidziwa. Ndimaweramira tcheni chimene ndikukonza mpaka atapita.

Anyamata a pasiteji ali ndi nthabwala yawo. Akandiona ndikubwera wapansi, njinga ili pambali, amakuwa kuti, "A Wolusa, mwatsikiranji? Maliro ali kuti?"

Kale ndinkawatukwana. Masiku ano ndimangoloza kumapiri, n'kupitiriza kukankha.